Mizinga ikamagwa, atolankhani musamaombe m'manja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera mu nyuzipepala yanu yomweyi, poti ndi yomwe ndimawerenga ndipo ndimaikonda, pa momwe munatilembera nkhani ya mabomba omwe America inaponya ku Iran pa 22 Juni 2025. Ndakhala nazo kukhosi kwa nthawi ndithu tsopano, ndimati mwina mubwereranso ku nkhaniyi n'kuionjezera zomwe zinasowa koma zii, nde ndati bola ndingolemba mwina mundimvera.

Tsamba lija ndinalisunga. Pamwamba panali chithunzi chachikulu cha ndege ija ya B-2, yakuda bii ngati mleme, ndipo mutu wa nkhani unangotenga mawu a Donald Trump oti malo a nyukiliya a dziko la Iran afafanizidwiratu, osaika ngakhale kamawu koti watero Trump, ngati inuyo munakafika ku Fordow, amodzi mwa malowo, n'kudzionera nokha. Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi bolopeni n'kumadula mzere kunsi kwa dzina la aliyense yemwe munamupatsa mpata wolankhula m'nkhanimo. Trump, Trump yemweyo, nduna yake ya zachitetezo Pete Hegseth, mkulu wa asilikali Dan Caine, kenako nduna yaikulu ya Israel Benjamin Netanyahu akuyamika. Munthu wamba wa ku Tehran kapena ku Isfahan, dokotala, mayi yemwe anathawa mumzinda ndi ana, ngakhale loya wodziwa malamulo a pakati pa mayiko, palibe ndi mmodzi yemwe. Nditamaliza ndinaona kuti mizere yonse yathera mbali imodzi, mbali ya oponya, ndipo mtima unandipweteka.

Za ndegezo munatiuza mokwanira ndithu. Zinali 7, zinanyamuka ku Missouri, zinauluka maola pafupifupi 18 kupita kokha zikumwetsedwa mafuta m'mwamba momwemo, zinaponya mabomba 14 lililonse lolemera makilogalamu oposa 13,000, ambiri pa Fordow pomwe pali pansi pa phiri kufupi ndi mzinda wa Qom, ena pa Natanz, kwinaku sitima yoyenda pansi pa madzi ikuthira mizinga ya Tomahawk pa Isfahan. Zonsezi n'zoona, sindikutsutsa. Koma zimenezitu ndi zomwe a ku Pentagon, likulu la asilikali a America, ankafuna tidziwe, anazikonza okha pa tchati n'kuitana atolankhani kuti adzajambule, ndipo inu munangozinyamula momwe zinalili kudzatikhuthulira ife.

Zomwe simunatiuze ndi zomwe zikanatithandiza kuganiza patokha. Israel inayamba kuphulitsa Iran pa 13 Juni pomwe kunangotsala masiku awiri kuti nthumwi za America ndi Iran zikumanenso ku Oman pa zokambirana zawo zachisanu n'chimodzi, zokambiranazo zinafera pompo. Mu Malichi chaka chomwecho mkulu wa mabungwe onse a akazitape a America, Tulsi Gabbard, anauza aphungu kuti m'kuona kwa akazitapewo Iran siikupanga bomba la nyukiliya, ndipo Trump atafunsidwa za izi anangoti alibe nazo ntchito zomwe mayiyo ananena. Mbali inayinso ilipo ndipo nayo inayenera kulembedwa, bungwe loyang'anira za nyukiliya la IAEA linali litanena kuti Iran ili ndi yureniyamu yoposa makilogalamu 400 yoyengedwa kufika pa 60 peresenti, pomwe ya bomba imafuna pafupifupi 90, ndipo kuchoka pa 60 kufika pa 90 si ulendo wautali ayi. Magetsi safuna yureniyamu yoyengedwa chonchi, nde nkhawa ya anthu siinali yabodza. Koma n'chifukwa chani inafika pa 60? Mgwirizano wa 2015 wa pakati pa Iran ndi mayiko akuluakulu unkaletsa Iran kupyola 3.67 peresenti, oyendera ankalowa n'kumaona, ndipo yemwe anatulutsa America mu mgwirizanowo mu Meyi 2018 ndi Trump yemweyu. Wowerenga akanakhala ndi zonsezi m'manja akanaweruza yekha, ena akanati America yachita bwino ena akanati yalakwa, koma akanaweruza akudziwa.

Ndiye taonani zomwe zinachitika pasanathe masiku atatu. CNN ndi New York Times anatulutsa nkhani yoti lipoti loyamba la akazitape a asilikali a America omwewo likuti mwina ntchito ya Iran yangobwezedwa m'mbuyo ndi miyezi yochepa chabe. Lipotilo linali loyambirira ndipo eni ake sanalitsimikize kwenikweni, mkulu wa CIA anabwera n'kunena kuti malowo awonongeka kwambiri, kenako mkulu wa IAEA Rafael Grossi anati Iran itha kuyambiranso kuyenga m'miyezi ingapo. Apa n'zoonekeratu kuti usiku womwe Trump amalengeza kuti zonse zatheratu utsi unali usanathe n'komwe pa phiri paja ndipo palibe yemwe anali atalowa pansipo kukaona. Mmalo moyankha mafunso Hegseth anaima pamaso pa atolankhani n'kuyamba kuwakalipira kuti akunyoza oyendetsa ndege olimba mtima. Njira imeneyi ndi yakalekale, ukafunsa za wandale yemwe walamula akuti ukunyoza msilikali yemwe watumidwa, cholinga ndi choti uchite manyazi ukhale chete. Inu nkhani yachiwiriyi simunaitole n'komwe.

Ndisanapitirire ndinene poyera kuti atsogoleri a ku Tehran si abale anga ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Sindinaiwale Mahsa Amini, mtsikana wa zaka 22 yemwe anafera m'manja mwa apolisi mu Sepitembala 2022 atamugwira kuti sanafunde bwino mpango kumutu, sindinaiwale mazana a anthu omwe anaphedwa pa ziwonetsero zotsatira ndi anyamata omwe ananyongedwa. Boma limenelo ndi lankhanza. Koma akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake pano ndi anthu pafupifupi 90 miliyoni omwe ambiri mwa iwo ndi omwewo akuzunzika ndi bomalo. Pa 23 Juni 2025 Israel inaphulitsa ndende ya Evin ku Tehran, ndende yomwe amatsekeramo otsutsa boma, atolankhani ndi omenyera ufulu wa amayi, ndipo anthu oposa 70 anafa, mwa iwo alonda, akaidi, ogwira ntchito komanso abale omwe anabwera kudzaona anthu awo. Tangoganizani mayi wanyamula kaphukusi kupita kukaona mwana wake yemwe anamangidwa chifukwa chokana ulamuliro womwewo, n'kukafera pa geti ndi bomba la anthu omwe akuti akulimbana ndi ulamulirowo. Masiku 12 a nkhondoyi boma la Iran linati kunafa anthu oposa 900, ku Israel mizinga ya Iran inapha anthu pafupifupi 30 ambiri ali m'nyumba zawo, onsewa anali ndi maina ndi ana ndi makolo koma m'tsamba lanu munalibe malo awo.

Pali liwu lina lachingerezi lomwe mabungwe a nkhani akunja amalikonda, loti regime, ndipo inu mumalimasulira kuti ulamuliro wankhanza n'kumalibwereza ndime iliyonse. Ine ndaona kuti liwu limeneli limagwira ntchito yoopsa. Dziko likakhala bwenzi la azungu amati boma ngakhale mtsogoleri wake asanasankhidwepo ndi munthu chibadwire, likakhala mdani amati regime, ndipo akangoti regime wowerenga amasiya kuona anthu, amangoona nkhope imodzi ya mtsogoleri woipa uja ndiye bomba likamagwa amamva ngati likugwera pamutu pa munthu mmodzi yekhayo. Komatu mtsogoleriyo amakhala ali m'chipinda chapansi chotetezedwa bwino. Pa 16 Juni Trump analemba pa intaneti kuti aliyense atuluke mu Tehran msangamsanga, mzinda wa anthu pafupifupi 10 miliyoni, misewu inadzadza magalimoto osasuntha, anthu pamizere ya mafuta, okalamba ndi odwala otsala m'nyumba poti sangathawe. Regime siinagone mumsewu usiku umenewo, anagona ndi anthu wamba.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'choti si koyamba. Ndikukumbuka bwino Epulo 2017. Pa 4 Epulo mpweya wapoizoni wa sarin unagwera tauni ya Khan Shaykhun ku Syria ndipo anthu pafupifupi 90 anafa. Zithunzi zake ndinaziona pa foni ndipo mpaka lero sizichoka m'maso, ana atagonekedwa pansi akuchita thovu kukamwa anthu akuwathira madzi, ndi bambo wina atafungatira ana ake amapasa a miyezi 9 onse atafa atakulungidwa mu nsalu zoyera, mmodzi mkono uwu wina mkono uwu. Ndinazimitsa foni n'kukhala kaye chete nthawi yaitali. Ofufuza a United Nations ndi a bungwe loletsa zida za poizoni la OPCW anadzatsimikiza mu Okutobala chaka chomwecho kuti boma la Bashar al-Assad ndi lomwe linachita zimenezi, nde za mlandu wa Assad ine sindikayika. Patangotha masiku atatu sitima ziwiri zankhondo za America zili pa nyanja ya Mediterranean zinaponya mizinga 59 ya Tomahawk pa bwalo la ndege zankhondo la Shayrat.

Taonani tsopano momwe ma TV a ku America anailandirira. Mwezi wathunthu m'mbuyomo anali akumudzudzula Trump tsiku ndi tsiku, koma mizinga itangonyamuka mawu anasintha usiku umodzi. Brian Williams wa MSNBC akuonetsa kanema wa mizinga ikunyamuka mumdima anati zithunzizo n'zokongola, ndipo anabwereza liwu limeneli kangapo. Fareed Zakaria wa CNN anati usiku umenewo ndi pomwe Trump wakhala pulezidenti weniweni. Andale a zipani zonse ziwiri, John McCain ndi Lindsey Graham mbali iyi, Chuck Schumer mbali inayo, anayamikira. Trump mwini wake anadzafotokoza pa Fox Business kuti anamuuza mtsogoleri wa China Xi Jinping za mizingayo ali pa tebulo ku Mar-a-Lago akudya keke ya chokoleti, ndipo anatha nthawi akusimba kukoma kwa kekeyo. Ine zimenezi zimandiliza. Anthu akuphedwa uku, kwinaku nkhani ndi ya keke ndi kukongola kwa moto m'mwamba. Ochepa okha ndi omwe anakumbutsa kuti munthu yemweyu mu 2013 ankalemba pa Twitter kuuza Obama kuti asaukire Syria ndipo akafuna kutero apemphe kaye chilolezo kwa aphungu, komanso kuti mu Januwale 2017 anasaina lamulo lotsekera pakhomo othawa nkhondo a ku Syria, ana omwewo omwe amati akuwalirira. Ndipo ndege za Assad zinayambanso kunyamuka pa Shayrat pasanathe masiku awiri.

Chaka chotsatira zomwezo. Pa 7 Epulo 2018 anthu 43 anafa ndi mpweya wa chlorine ku Douma, pa 14 Epulo America, Britain ndi France anaponya mizinga 105 pa malo atatu kufupi ndi Damascus ndi Homs, tsiku lomwelo lomwe oyendera a OPCW amafika mu Damascus kudzayamba kufufuza. Nduna yaikulu ya Britain nthawiyo Theresa May sanapite kaye ku nyumba ya malamulo kukapempha. Trump analemba kuti ntchito yatheka, mawu omwewo omwe anali pa chinsalu kumbuyo kwa George W. Bush pa sitima ija mu Meyi 2003 pomwe nkhondo ya Iraq inali itangoyamba kumene kudya anthu. OPCW inadzanena mu 2023 kuti ndi helikopita ya asilikali a Assad yomwe inaponya chlorine ija, choncho mlandu unalipodi. Koma mizingayo inapulumutsa ndani? Assad anakhalabe pampando zaka zina zoposa 6, mabomba a m'migolo ndi ndege za Russia zikupitiriza kugumula dera la Idlib mu Syria momwemo, ndipo ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inawerengera anthu wamba oposa 300,000 omwe anafa pa zaka khumi zoyambirira za nkhondoyo, ochuluka zedi osati ndi mpweya wapoizoni koma ndi mabomba ndi zipolopolo wamba zomwe sizinkadzutsa aliyense ku Washington. Pomwe anagwa pa 8 Disembala 2024 n'kuthawira ku Moscow anamugwetsa ndi zigawenga za mu Syria momwemo, ndipo anthu omwe anathamangira ku ndende ya Sednaya kukasaka abale awo m'zipinda zamdima anali a Syria eni ake.

Za Iraq sindichulutsa, aliyense akudziwa. Nduna ya zakunja ya America nthawiyo Colin Powell pa 5 Febuluwale 2003 ananyamula kabotolo pamaso pa khonsolo ya chitetezo ya United Nations kutsimikizira dziko lonse kuti Saddam Hussein ali ndi zida zoopsa, oyendera zida a United Nations otsogozedwa ndi Hans Blix ankapempha nthawi yoonjezera koma sanapatsidwe, zidazo sizinapezeke, anthu mazana a zikwi anafa. New York Times inadzapepesa kwa owerenga ake mu Meyi 2004 kuti siinafunse mafunso mokwanira, Kofi Annan anadzanena kuti nkhondoyo inali yosemphana ndi malamulo a United Nations, lipoti la Chilcot lofufuza momwe Britain inalowera nkhondoyo linatuluka mu 2016 patatha zaka 13. Kupepesa kumabwera ndithu koma kumabwera manda atamera kale udzu. New York Times yomweyo mu 2008 inadzaulula kuti ambiri mwa akuluakulu a asilikali opuma omwe ankaoneka pa TV ngati akatswiri oima paokha anali ndi ubale ndi makampani ogulitsa zida ndipo Pentagon inkawaitana kukawapatsa zokalankhula. Nde mukamatenga mawu a katswiri kuchokera ku TV yakunja muzifunsa kaye kuti amadya kuti.

Koma Libya ndiye ndikhalepo pang'ono chifukwa ili pa kontinenti yathu ndipo matope ake tikuwapondabe. Muammar Gaddafi sanali mngelo, mu 1996 akaidi pafupifupi 1,200 anaphedwa mu ndende ya Abu Salim, ndipo mu 2011 anaopsezadi anthu a ku Benghazi. Pa 17 Malichi 2011 khonsolo ya chitetezo inavomereza chigamulo nambala 1973 ndi mavoti 10, pomwe Russia, China, Brazil, India ndi Germany sanavote mbali iliyonse, ndipo mayiko atatu a mu Africa omwe anali mu khonsoloyo nthawi imeneyo, South Africa, Nigeria ndi Gabon, onse anavota inde. Chigamulocho chinkati atetezedwe anthu wamba. Sichinanene kuti achotsedwe mtsogoleri. Mabomba anayamba pa 19 Malichi ndipo anapitirira miyezi 7 mpaka Gaddafi atagwidwa n'kuphedwa ku Sirte pa 20 Okutobala, ndege za NATO zitayamba zaphulitsa mdipiti wa magalimoto ake. African Union inali ndi ndondomeko yake ya zokambirana, Jacob Zuma ndi atsogoleri anzake anafika ku Tripoli mu Epulo, Gaddafi anati wavomera koma omuukira a ku Benghazi anakana poti siinanene kuti achoke, ndipo manyuzipepala akunja anaiona ndondomekoyo ngati nthabwala. Kaya ikanatheka kaya ikanalephera, inayenera kupatsidwa mpata ndi ulemu, koma phokoso la ndege linali litatseka kale makutu a aliyense. Nduna ya zakunja ya America nthawiyo Hillary Clinton atamva za imfa ya Gaddafi anaseka pamaso pa kamera.

Walira mvula walira matope. Libya inagawikana pakati pa maboma awiri ndi magulu a zida osawerengeka, zida za m'nkhokwe za Gaddafi zinayenda chipululu chonse mpaka kumpoto kwa Mali komwe nkhondo inabuka mu 2012 ndipo moto umenewo unafalikira ku Burkina Faso ndi Niger. Mu Novembala 2017 CNN inaonetsa kanema wa anyamata akuda ngati ife akugulitsidwa pa okushoni mu Libya ngati mbuzi, ena pa madola 400. Human Rights Watch inapeza anthu wamba osachepera 72 omwe anaphedwa ndi mabomba a NATO yomwe inabwera kudzawateteza. Obama mwini wake mu 2016 anavomera kuti kusakonzekera zomwe zidzachitike Gaddafi akadzagwa ndi cholakwa chake chachikulu pa upulezidenti wake, ndipo komiti ya aphungu a ku Britain chaka chomwecho inati boma la David Cameron linalowa nkhondoyo ndi uthenga wosakwanira komanso lopanda pulani ya mawa lake. Ziwirizi zinanenedwa patatha zaka 5. Mu Malichi 2011 yemwe ankafunsa kuti nanga akagwa kudzakhala chani ankatchedwa wokonda Gaddafi.

Ndikumbutsenso mwachidule za Sudan, pa 20 Ogasiti 1998 Bill Clinton anaphulitsa fakitale ya mankhwala ya Al-Shifa ku Khartoum pobwezera mabomba a pa maofesi a kazembe ku Nairobi ndi Dar es Salaam, ati imapanga zida za poizoni. Umboni wokhutiritsa sunaonetsedwe, ndipo chaka chotsatira America inamasula ndalama za mwini fakitaleyo zomwe inazitsekera. Fakitale yomwe inkapanga mankhwala ambiri a dziko losauka inatsala bwinja.

Andale nawo amasewera chimodzimodzi nthawi zonse. Malamulo a America amati mphamvu yolengeza nkhondo ili ndi aphungu, ndipo lamulo la 1973 limati pulezidenti akatumiza asilikali awadziwitse pasanathe maola 48 ndipo asapitirire masiku 60 popanda chilolezo, koma mapulezidenti a zipani zonse akhala akulilambalala, ndipo aphunguwo amakwiya pokhapokha yemwe waponya ali wa chipani china. Pa nkhani ya Iran seneta Tim Kaine anabweretsa bilu yoti Trump asaponyenso popanda chilolezo ndipo inagwa ndi mavoti 53 kwa 47, pafupifupi aliyense anangovota motsata chipani chake. Komatu nyumba ya malamulo ikafuna imatha kuimitsa nkhondo, pa 29 Ogasiti 2013 aphungu a ku Britain anamukanira Cameron kuukira Syria ndi mavoti 285 kwa 272, Obama naye anabwerera m'mbuyo, ndipo zotsatira zake zinali mgwirizano womwe unatulutsa matani pafupifupi 1,300 a mankhwala a poizoni mu Syria. Sanatuluke onse, Khan Shaykhun ndi umboni woti Assad anabisa ena, komabe matani 1,300 ndi ochuluka kuposa omwe mizinga ya 2017 ndi 2018 inawononga.

Malamulo a United Nations ndi osavuta kumva pa nkhaniyi, dziko lisagwiritse ntchito mphamvu pa dziko linzake pokhapokha likudziteteza litaukiridwa kapena khonsolo ya chitetezo yavomereza. Ndikudziwa khonsoloyo ndi yolumala, Russia inatsekereza zigamulo zambiri za Syria ndi veto yake, mphamvu ija yokana chigamulo payokha, ndipo America imachita zomwezo poteteza Israel, ndipo ndikumvetsa ukali wa munthu yemwe akuona ana akufa khonsolo ikungokangana. Koma tikangovomera kuti wamphamvu aziweruza yekha, kupereka chilango yekha n'kudzilembera yekha lipoti loti zayenda bwino, ndiye kuti tavomeranso Putin yemwe analowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022 naye akuti ku Kyiv kuli regime yoipa. Russia yomweyo inatuluka n'kumadzudzula America pa za Iran ngati manja ake ndi oyera, pomwe mtsogoleri wa Germany Friedrich Merz yemwe amalira malamulo pa za Ukraine anati Israel ikugwira ntchito yonyansa m'malo mwa onse. Aliyense lamulo amalikumbuka likamamukomera. Mayiko ang'onoang'ono alibe B-2, alibe veto, chomwe ali nacho ndi lamulo lomweli basi, nde atolankhani a mayiko otere asamakhale oyamba kuliseka. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa mulibe ndalama zotumizira mtolankhani ku Tehran ndipo nkhani zakunja mumadalira mabungwe akuluakulu, sindikukupemphani zosatheka. Koma kufunsa sikulira tikiti ya ndege. Utolankhani wabwino ulipo ndipo tinauona, mu Ogasiti 2021 drone ya America inapha anthu 10 a banja limodzi ku Kabul, 7 mwa iwo ana, mkulu wa asilikali Mark Milley anati kunali kuphulitsa kolungama kopha chigawenga, koma atolankhani anapita pa nyumbayo, anaona makanema a makamera a chitetezo n'kupeza kuti munthuyo ankagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ndipo zomwe ankanyamula m'galimoto zinali zigubu za madzi. Pasanathe masabata atatu Pentagon inavomera kulakwa. Akanangokopera mawu a Milley banja limenelo bwenzi mpaka lero likutchedwa la zigawenga.

Chomwe ndikupempha n'chakuti mawu a pulezidenti kapena a jenerale azikhala mawu ake, muzilemba kuti watero ndi uje, asamasanduke mutu wa nkhani ngati mwatsimikiza nokha, ndipo chimodzimodzi mawu a boma la Iran lomwe nalo linauza anthu ake kuti lapambana nkhondoyo litaponya mizinga pa kampu ya America ya Al Udeid ku Qatar litachenjezeratu. Mukapatsa ndime zitatu kulemera kwa bomba mupatsekonso ndime imodzi yemwe lamugwera. Muzitiuza ngati khonsolo ya chitetezo inavomereza, ngati aphungu a dzikolo anafunsidwa, ndi zomwe zinkakambidwa bomba lisanagwe. Liwu loti ulamuliro wankhanza muziligwiritsa ntchito pomwe mukufotokoza nkhanzazo ndi umboni wake, osati ngati dzina la dziko lonse ndi anthu ake.

Ndipo chonde bwereraniko ku nkhani ya Iran. Kumayambiriro kwa Julayi 2025 dzikolo linaimitsa mgwirizano wake ndi IAEA ndipo oyendera anatuluka, kutanthauza kuti maso omwe ankayang'anira yureniyamu ija ya makilogalamu 400 anachotsedwapo mabomba atagwa, nkhani yaikulu chonchi sindinaione m'tsamba lanu. Mutiuzenso za akaidi a ku Evin omwe anasamutsidwira ku ndende zina ndi mabanja omwe anataya anthu awo pa geti paja. Malo omwe munaika chithunzi cha B-2 aja akwanira.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.